Mzere wa Goloboyi

Amayi anga okondedwa,

Kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Kuno ndi Lachiwiri masana, dzuwa langopendeka pang'ono. Kwatentha moti nkhuku zabisala pansi pa nkhokwe, milomo ili yasa. Phiri lafunda mitambo yakuda kuyambira m'mawa, mphepo ikununkhira mvula, koma ngakhale dontho silinagwe. Ndakhala pakhonde, pamalo paja munkakhala inu posankha mpunga. Mapepalawa ndang'amba m'kope lakale la Rozina. Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi, paja sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Mukundidziwa, pakamwa panga mpolemera. Nchifukwa chake ndati ndilembe.

Mwezi uno wa Novembala takwanitsa chaka chitikuikireni m'manda. Chaka cha 1986 chatitalikira ngati zaka zitatu.

Ndiyambe ndi zokoma. Mkulu wanga Rozina anachira bwinobwino mu Juni, kunabadwa mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Matilida. Akakwiya amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira inu mukapeza mbale yosatsuka bwino, ndiye Rozina amati, "Taonani, amayi abwera kudzayendera ntchito." Tonse timaseka.

Mpunga wa kudambo wachita bwino. Anzanu aja Abiti Saidi anabwera kudzatithandiza kupuntha monga munkathandizirana. Tili pakati pa ntchito anangokhala pansi nkuyamba kulira. Ati anatembenuka kuti akuuzeni nkhani ina yoseketsa, nkupeza kuti pambali pawo pali ine. Chimanga chokha ndicho sichinabereke kwenikweni, fetereza tinathira mochedwa. Tidya mpaka Januwale, kutsogoloko Mulungu adziwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inatafuna duku langa la kutchalitchi lili pachingwe. Ndinatola ndodo, koma ndinakumbukira kuti munkati, "Mbuzi sidziwa Sande," ndiye ndinaileka. Mumsewu mukudutsa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, timitolo tili kumutu. Mayi wina ndinampatsa chitenje chanu chofiira chija poti mwana wake anali wosafunda. Ndikhulupirira simudandaula.

Koma nkhani imene yandikhalitsa pansi ndi ya abambo. Ndinalakwitsa chinthu, Amayi, ndipo pambuyo pake ndinaswa lonjezo. Ndikufuna mumve kwa ine mwini wake.

Mukudziwa kuti abambo pano si kwawo. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata kudzaphunzira ukalipentala kwa a Bulazala aja a kumishoni, mzungu wa ku Ayalandi, ndipo atakukwatirani anakhala pachikamwini pamudzi panu zaka zoposa makumi atatu. Titatha kukolola, alongo anu, amalume a Bonifasi, anabwera kudzanena kuti nthawi yakwana yoti abambo asudzulidwe, amasuke, abwerere kwawo. Sanalankhule mwankhanza ayi. Anati, "Alamu, mlongo wathu mwamusunga mpaka kumuika m'manda. Mukadali ndi mphamvu, luso lili m'manja. Sitingakumangirireni pano ngati mbuzi. Mutafuna wokuphikirani simungamubweretse pa nthaka ya malemu. Pitani mukayambe moyo wina." Abambo anangoti, "Ndamva, alamu. Mwambo ndi mwambo."

Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikumva zonse. Ku Phalombe abambo akapeza ndani? Makolo awo anatha kalekale, mlongo wawo anamwalira. Kwatsala mwana wa mlongo wawoyo, amene anaonana naye kawiri kokha chibadwire.

Mwambowo anauika mu Ogasiti. Ine pofuna kuti alendo adzapeze pakhomo posamalika, ndinaganiza zokonza pabwalo. Mukukakumbukira kangalande kaja? Kochokera pakhomo penipeni kulunjika kuchimbudzi, kokhala ndi nthambi yopita pansi pa mango pamene pamakhala mpando wa abambo. M'mawa uliwonse mukamasesa munkatembenuza tsache nkudutsitsa chogwirira chake m'menemo. Nditakufunsani munati, "Ndi njira ya madzi imeneyo. Usaikhudze." Ndinafunsanso tsiku lina, inu nkungoti, "Wosesa pabwalo amaona zambiri, koma sanena zonse." Mutapita, kangalandeko ndinangokasiya, sindinkakasamala koma sindinkakakwirira, ndipo mvula ikakafafaniza ndinkakapeza katabwereranso, osadziwa kuti wakakumba ndani. Tsiku lina mu Julaye ndinakaona konyansa. Ndinatuta dothi la pachulu, kukwirira konse, kuthira madzi, kutsendera ndi thabwa. Pabwalo panasalala ngati pa simenti. Ndinagona wonyadira.

M'mawa mwake ndikuchokera kumtsinje ndinapeza abambo ataima pakati pa bwalo opanda nsapato. Ankapapasa pansi ndi chidendene, uku ndi uku, ngati munthu amene wataya singano. Kenaka anawongoka nkuyenda molimba mtima, ndipo anakagunda mutu pa mtengo wa nkhokwe. Ndowa ndinaigwetsa.

Anati, "Agata, wasesa ndani pano?"

Ndinati, "Ndine, Bambo. Ndakwirira kangalande kaja."

Magazi ankatsikira pa nsidze. Kenaka anati, "Amayi ako sanakuuze?"

"Anati ndi njira ya madzi."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Mayi amene uja! Njira ya madzi mpaka mu Julaye?"

Ndinawakhazika pakhonde kuti ndiwapukute. Mwana wamkazi sayang'ana bambo ake m'maso, inu munatiphunzitsa choncho, koma tsiku limenelo ndinayang'ana. Amayi, m'maso monse muwiri mwayera ngati madzi otsukira mpunga. Ndi ng'ala. Ati amaona kuwala kwa dzuwa ndi zithunzithunzi za anthu basi, ndipo izi zinayamba zaka zitatu zapitazo. Pomwepo zinthu zambiri zinanditsegukira. Kusiya kwawo kupala matabwa, amvekere msana ukupweteka. Kusiya kupita kugalaundi, amvekere anyamata a masiku ano amasewera ngati nkhuku zothamangitsa chiwala. Ndiponso inu, popita kutchalitchi, kuyenda patsogolo pawo nkumalankhula njira yonse osapuma, mpaka anthu kumati a Matilida ukalamba wawasandutsa olongolola. Kodi munkawatsogolera ndi mawu eti? Ndinalira, Amayi, chifukwa inenso ndinkachita nanu manyazi mumsewu.

Ndikuwamanga kansalu pamphumi, anandifotokozera chiyambi cha mzerewo. Zina ndinazimva kale kwa inu, poti munkachapa zovala za a Bulazala muli mtsikana, koma sindinazimvepo zonse pamodzi.

Ati a Bulazala asanavale mkanjo anali goloboyi kwawo ku Ayalandi, kalekale, nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito kumene amakhoma sitima zapamadzi. Loweruka masana ankavula ovololo, kuvala juzi yaubweya ndi chipewa, nkukaima pagolo. Kwawoko kumazizira ndipo mvula siikata, ndiye mpira wachikopa ukamwa madzi unkalemera ngati dzungu. Iwo ankauwakha ndi manjamanja. Nchifukwa chake zala zawo zinali zokhotakhota ngati chinangwa chomera pamiyala. Zala zimenezo ndikuzikumbukira. Ife ana tikamatuluka m'tchalitchi ankatiponyera malalanje nkumakuwa, "Wakha! Manja awiri!" Ine ndinkabisala kuseri kwa chitenje chanu, ndipo lalanje langa munkandiwakhira ndinu.

Masiku amenewo, ati, malamulo ankalola kuti goloboyi akagwira mpira adani amugunde ndi phewa. Akagwera m'golo iye ndi mpira womwe, chigoli chinkawerengedwa. Munthu akavulala panalibe wolowa m'malo mwake. Tsiku lina chala chawo chinathyoka masewera atangoyamba kumene. Anachimangirira ku chinzake ndi kansalu, nkumabisa dzanjalo kumbuyo, ndipo anasewera mpaka kumapeto adani osadziwa mbali yofooka. Kamodzi kokha anasankhidwa kukaimira dziko lawo. Anawoloka nyanja pa sitima, kusanza njira yonse, nkukachinyidwa zigoli zambirimbiri. Abambo ati nthawi iliyonse a Bulazala akamafotokoza nkhani imeneyi zigolizo zinkachepa ndi chimodzi, moti akanakhala ndi moyo zaka zina zisanu bwenzi atapambana masewerawo. Pamenepa abambo anaseka zenizeni, mpaka bala kuyambanso kutuluka magazi.

Tsono za mzere. Kwawoko kumagwa chifunga choti ukangosuntha pang'ono mitengo ya golo lako suionanso. Ndiye a Bulazala, masewera asanayambe, ankaima pakati penipeni pa golo nkukoka chidendene pansi kupita kutsogolo. Akatuluka kukakumana ndi mdani sankacheuka, phazi ndilo linkawauza pamene pali golo. Abambo atayamba kuima pagolo la timu ya kumishoni, chinthu choyamba kuphunzitsidwa chinali chimenecho. A Bulazala ndi Chichewa chawo chothyokathyoka chija ankati, "Lukasi, maso kwa mpira, phazi kwa nyumba."

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Abambo anaima pagolo limenelo zaka zambiri, opanda nsapato, chipewa cha a Bulazala chili kumutu poti anawapatsa. Inu munawaonera komweko. Rozina atakufunsani chimene munawakondera, munati, "Anzawo onse ankathamangathamanga. Ndinaona kuti uyu yekha sayendayenda." Ndipo amalume a Bonifasi, amene ankamenya kutsogolo m'timu ya kutsidya kwa mtsinje, sanawachinyepo ngakhale kamodzi. Penate ya amalume imene abambo anaigwira tsiku lina mpaka lero ikadali mlandu. Amalume amati, "Nanga si golo anakhoma okha akalipentalawa? Analichepetsa dala!" Abambo amati, "Golo linali labwinobwino, mwendo ndiwo unali wa nthochi."

A Bulazala atakalamba, akuluakulu awo anawalembera kuti abwerere kwawo akapume. Iwo anakana. Anati goloboyi sachoka pagolo wezulo isanalire. Nchifukwa chake anagona konkuno, kuseri kwa tchalitchi. Abambo ndiwo anawakhomera bokosi.

Ndiye maso atayamba kuchita mdima, abambo anadzuka m'mawa wina inu muli kumunda, nkukoka chidendene kuchokera pakhomo. Inu pobwera munauona mzerewo. Simunafunse kanthu. Munangoyamba kuusamala tsiku ndi tsiku, mvula ikaufafaniza inu nkuubwezeretsa. Abambo anati, "Zaka ziwiri zathunthu, Agata, amayi ako sananditchulepo kuti wakhungu. Ngakhale tili awiri."

Ine ndinati, "Bambo, tiwauze amalume. Ku Phalombe kulibe mzere. Mukayenda bwanji?"

Nkhope yawo inasintha. Anati, "Usayerekeze. Ine pamudzi pano ndinabwera ndi manja ogwira ntchito. Denga lililonse ukuliona apali ndinakhoma ndine. Lero ndikhale chifukwa choti andimvera chisoni? Azinena kuti mkamwini uja wasanduka katundu? Goloboyi saonetsa chala chothyoka. Lonjeza."

Ndinalonjeza, Amayi. Ndikanatani? Tsiku lomwelo ndinatenga chogwirira cha tsache nkukumbanso mzere wonse mmene unalili.

Masabata atatu otsatira abambo ankakonzekera ulendo. Ndinkawaona akulongedza zipangizo zawo m'bokosi mochita kupapasa, sowo, hamala, tchizulo, chilichonse akuchisisita kaye asanachiike. Pamwamba pa zonse anaika chipewa chija. Ndinkafuna kuuza Rozina, koma anali ndi khanda, ndipo lonjezo linali litandimanga. Ndinkayang'ana tsache lanu nkumafunsa mumtima kuti, inu mukanatani? Munabisa zaka ziwiri, inde. Koma munabisa kuti akhale. Ine ndinali kubisa kuti achoke.

Tsiku la mwambo linali Loweruka. Anthu anasonkhana pansi pa mango cha m'ma 10 koloko m'mawa. Panali amalume, azakhali, achibale ena, ndi mwana wa mlongo wawo uja wa ku Phalombe, bambo wofatsa amene ankangoyang'ana pansi. Abambo anatuluka m'nyumba atavala malaya awo oyera, opanda nsapato, nkuyenda chiwongokere mpaka pampando wawo. Palibe anazindikira kanthu. Azakhali ena anachita kunong'ona kuti, "Akadali mnyamata ameneyu, sachedwa kupeza mkazi."

Amalume analankhula bwino. Anayamika abambo, anatchula nyumba zimene anakhoma, anatchula mmene anakudwazikirani. Pomaliza anati, "Tisanawamasule, pali wina ali ndi mawu?" Anafunsa akuyang'ana kumene kunakhala amuna. Ine ndinali pamphasa ndi azimayi, Matilida ali pamiyendo panga. Maso anga anagwera pa phazi la abambo. Chidendene chawo chinali mumzere, chikuyenda pang'onopang'ono, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, ngati munthu akutsanzika.

Ndinangomva mawu anga akuti, "Ndilipo, amalume."

Anthu onse anatembenuka. Rozina ananditsina pantchafu. Amalume anati, "Agata? Kodi iwe uli ndi pakamwa? Lero mvula igwa mu Ogasiti! Lankhula, mwana wa mlongo wanga."

Ndinapereka mwana kwa Rozina nkugwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri mumtima masiku onse aja, koma anatuluka awiri okha.

"Abambo saona."

Abambo anati, "Akunama mwanayu. Chisoni cha amake chamusokoneza mutu. Pitirizani, alamu."

Amalume anayang'ana ine, anayang'ana abambo. Pafupi nawo panali dengu la malalanje amene tinathyolera alendo. Anatolamo limodzi nkuima. Anati, "Alamu, penate ija ndikufuna ndiibwereze. Wakhani!" Ndipo analiponya pang'onopang'ono, moti ngakhale mwana akanaliwakha.

Amayi, manja a abambo anakwera onse awiri, mwachangu, zala zili tambasu, ndendende mmene anaphunzitsidwira. Koma anakwera kumene kunachokera mawu, osati kumene kunali lalanje. Linawagunda pachifuwa, kugwa pansi, nkugubuduka mpaka kukaima m'kangalande kaja.

Amalume anawerama kuti alitole, ndipo anakhala chiweramire. Maso awo anatsata mzerewo kuchokera pampando mpaka pakhomo, kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi. Iwo amaudziwa mzere umenewu, ankaupeza pagolo nthawi zonse akabwera kudzasewera. Anati chapansipansi, "Mzere wa a Bulazala." Kenaka anakagwada pafupi ndi abambo, munthu wamkulu ngati uja, pamaso pa azimayi. Anati, "Alamu, zaka makumi atatu ndakhala ndikufuna kukuchinyani. Koma ichi sindikuchifuna. Ichi sichiwerengedwa." Abambo anatsitsa manja nkuwaika pamawondo.

Akuluakulu anapita kuseri kwa nyumba kukakambirana. Sanakhalitse. Pobwera amalume anati mwambo sungasiyidwe panjira, ndiye anawanenera abambo mawu onse owamasula monga zimakhalira. Anati, "Kuyambira lero simulinso mkamwini wathu. Ndinu mfulu, mutha kupita kumene mukufuna." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Koma nyumba iyi inali ya Matilida. Rozina ali ndi yake, ndiye iyi tsopano ndi ya Agata. Mwini nyumba amasunga amene wafuna, ife sitilowerera. Agata, poti lero pakamwa patseguka, tiuze. M'nyumba mwakomu ukusunga ndani?"

Ndinati, "Abambo anga."

Azakhali anayamba kulira, ena kululutira, zinangosokonezeka. Mlendo wa ku Phalombe uja mtima unamukhala pansi, ndipo pa chakudya anadya ndi mtima wonse. Potsanzika anandiuza kuti kwawoko nyumba ndi ya chipinda chimodzi, ana asanu ndi mmodzi, ndipo njira yonse ankaganiza kuti amalume akewo akawagoneka pati.

Musaganize kuti abambo anandithokoza. Anatha masiku asanu ndi anayi osandilankhula. Ndikawapatsa madzi osamba ankangonyamuka. Ndikawaikira chakudya ankadya atatembenukira kukhoma. Ndikawapatsa moni ankayankha ndi kukhosi. Bokosi la zipangizo linakhalabe pakhomo lomangamanga. Zinkandipweteka, koma ndinkati ndi bwino andikwiyire ali pano kusiyana nkuti andikonde ali ku Phalombe akugunda mitengo.

Tsiku lakhumi m'mawa ndinali kusesa, ndipo nditafika pamzere ndinatembenuza tsache. Abambo anali pakhonde akuwothera dzuwa. Anamvetsera kwa kanthawi, kenaka anati, "Ukukumba mozama kwambiri. Ukufuna ndithyoke mwendo? Amayi ako ankangodutsitsa kawiri, mopepuka."

Ndinati, "Chabwino, Bambo."

Ine ndikupitiriza kusesa, anati, "Nkhani ya chala cha a Bulazala ija sindinaimalize. Atafika kunyumba tsiku limenelo anakhala patebulo nkumadya ndi dzanja lamanzere. Amayi awo anangowayang'ana kamodzi, nkuwagwira khutu, mpaka kwa dokotala. Munthu woti ali ndi ndevu kale. Ati anakwiya sabata yathunthu." Abambo anakanda pamphumi pawo pamene pali chipsera. "Ine ndawonjezerako masiku awiri chifukwa iwe unanena pagulu."

Masana a tsiku lomwelo anandiuza kuti ndilowetse bokosi lija m'nyumba, ati lingachite dzimbiri panja.

Tsopano amalume amabwera Loweruka lililonse ndi wailesi yawo kudzamvera mpira pansi pa mango. Amakangana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Goloboyi wa m'wailesi akachinyidwa, abambo amati, "Waima polakwika ameneyo, alibe mzere." Amalume amati, "Mwamuona bwanji inu?" Abambo nkuti, "Ndamumva." Amalume akuti amva kuti m'tauni muli madokotala odziwa kuchotsa ng'ala, ndipo tikatha kubzala awaperekeza. Abambo akuti safuna munthu awagwire m'maso ndi mpeni. Koma dzana anandifunsa ngati malaya awo oyera ali ochapa, ndiye kaya. Sindikufuna kuyembekezera zambiri.

Mwezi watha anandipempha chinthu. Anati ndiwatsogolere kamodzi kokha kuchokera pampando wawo mpaka pakhomo pa Rozina. Ine ndinkayenda patsogolo ndikulankhula, ngakhale kuti nkhani zinkandithera, iwo pambuyo akukoka chidendene. Ndiye tsopano pabwalo pali nthambi yachitatu, yodutsa kuseri kwa khola la mbuzi. M'mawa uliwonse amapita okha kukanyamula Matilida. Rozina akamawapatsa mwanayo amati, "Bambo, manja awiri!" Iwo amati, "Iwe, ine sindinagwetsepo kanthu." Dzuwa likakula amavula chipewa cha a Bulazala nkumamutchingira nacho kumaso. Chipewa chimene chinachoka ku Ayalandi, Amayi, chili kutchinga mdzukulu wanu kuno ku Domasi.

Ndinaulula chimene inu munabisa, ndipo ndinaswa mawu amene ndinapatsa abambo. Iwo andikhululukira mwa njira yawo. Inunso mundikhululukire. Ine ndilibe luso lanu lotsogolera munthu iye osachita manyazi. Ndinali ndi mawu awiri okha aja, ndiye ndinawanena.

Taonani, ndikulemba chonchi mvula yayamba. Madontho akuluakulu akugwa pafumbi, fungo lake lafika mpaka pakhonde pano. Rozina akuthamangira zovala pachingwe. Abambo atuluka, aima pakhomo, atambasula dzanja kuti aimve. Madzi ayamba kale kuyenda m'kangalande kanu, ndipo ikagwa mwamphamvu mawa tidzapeza matope okhaokha, mzere utafafanizika wonse. Akundifunsa kuti, "Agata, tsache waliika pouma?" Ndawayankha kuti lili kuseri kwa chitseko, pamene munkaliika inu.

Musade nkhawa, Amayi. Mawa ndidzadzuka iwo asanadzuke, ndipo phazi lawo likadzaponda panja lidzapeza mzere uli pamalo pake, nthambi zonse zitatu. Ndidzadutsitsa kawiri, mopepuka. Ndidzatero mvula ina iliyonse, mpaka wezulo yawo idzalire. Lonjezo ili lokha sindidzaswa.

Mukawaona a Bulazala kumeneko, muwauze kuti goloboyi wawo akadali pagolo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,

Agata

Ndamaliza kulemba Lachiwiri lomweli, nthawi itangopitirira 5 koloko madzulo, mvula ikugwa.